Mukufuna malovu athu, nanga mawu athu munawamva?

Pali chizolowezi chomwe chayamba kumera pakati pa ife ophunzira, ndipo ndikufuna kuchizula chisanazike mizu. Ukanena kuti achinyamata a m'madera othinana a mu Blantyre akudwala maganizo, pamapezeka wina wokweza dzanja: "Umboni wake uli kuti? Anayeza ndani?" Akamati kuyeza, masiku ano akutanthauza cortisol, homoni ija yomwe aliyense wokhala ndi bandulo ya TikTok wayamba kuitchula ngati dzina la msuweni wake. Ganizo lawo ndi loti tikanatenga malovu a anyamata ndi atsikana a ku Misesa, Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri n'kuwapititsa ku labotale, mkangano ukanatha. Nambala ikakwera, ndiye kuti anthuwa akuvutikadi. Ikapanda kukwera, ndiye kuti ndi ana a masiku ano, odziwa kudandaula.

Ganizo limeneli limamveka lophunzira, n'chifukwa chake ndimaliopa kuposa la agogo anga. Agogo akati, "Iwe ulibe mkazi, ulibe mwana, nkhawa yako ndi yachiyani?" ndimadziwa poyambira kuwayankha. Koma mnzanga wa digiri akandiuza kuti tidikire kaye zotsatira za labotale, wanena zomwezo za agogo, kungoti waziveka gauni yoyera. Onse awiri akuti mawu a wachinyamata paokha sakwanira.

Ine ndimakhala ku Misesa, m'mphepete mwa phiri la Soche, ndipo ndimaphunzira mbiri ndi filosofi. Anzanga a sayansi sachedwa kundikumbutsa zimenezo. Ndiye ndinapita kukawerenga mapepala awo omwewo, ndipo zambiri zomwe ndinene pano ndazitenga kwa eni ake a ntchitoyi.

Tiyambe ndi chinthucho. Cortisol imapangidwa ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Ubongo ukaona zoopsa umatumiza uthenga: kachigawo kotchedwa hypothalamus kamadzutsa pituitary, pituitary n'kudzutsa tiziwalo ta pa impso tija, cortisol n'kuthiridwa m'magazi. Ntchito yake ndi kukweza shuga m'magazi kuti thupi lipeze mphamvu, kuthandiza kuti magazi aziyenda mokwanira, komanso kuchepetsa kutupa. Popanda iyo munthu sangakhale moyo. Si poizoni monga amanenera ogulitsa tiyi wophwetsa mimba pa Facebook. Mu 1950 Edward Kendall, Philip Hench ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yawo pa mahomoni a banja limeneli, ndipo hydrocortisone yomwe mumapaka pa zidzolo ndi cortisol yomweyo.

Gawo laling'ono la cortisol ya m'magazi limalowa m'malovu. Choncho m'malo mobaya munthu, wofufuza amamupatsa kathonje kuti atafune mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kukabwezera m'kachubu, kachubuko n'kukadikira tsiku loyeza. Palibe singano, palibe magazi, ngakhale mwana angathe. Njirayi ndi yanzeru, sindikana. Vuto limayambira pa funso loti nambala yotulukayo ikunena chiyani.

Cortisol siima malo amodzi ngati msinkhu wa munthu. Imayenda ndi dzuwa. M'mphindi 30 mpaka 45 zoyamba munthu atadzuka imakwera ndi theka kapena kuposa apo, kenako imatsika tsiku lonse mpaka kufika pansi penipeni chapakati pa usiku. Munthu mmodzi yemweyo, wopanda chomudetsa nkhawa, akapereka malovu 6 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku, nambala zake zimasiyana kwambiri. N'chifukwa chake ofufuza ali ndi malamulo okhwima. Tafuna thonje ukangotsegula maso, tafunanso pakatha mphindi 30. Usadye, usamwe tiyi, usasute, usathamange, usatsuke mano chifukwa kamagazi ka m'nkhama kamasokoneza. Akatswiri omwewo amachenjeza kuti kuchedwa ndi mphindi 15 zokha kutenga malovu oyamba kumatha kupotoza chithunzi chonse cha m'mawawo.

Tsopano bweretsani malamulo amenewa ku Misesa. Kudzuka n'kutani? Mtsikana wa kuseri kwathu amadzuka 3 koloko akamva kuti mpopi wayamba kutulutsa, amakaima pamzere ndi zigubu, amabwerera kudzatsinzina pang'ono, n'kudzukanso 5 koloko kukazinga mandasi. Kudzuka komwe sayansi ikufuna ndi kuti pa kuwiriku? Msuweni wanga ndi mlonda ku Limbe. Amagona dzuwa likutuluka, m'chipinda chimodzi ndi ana awiri amene akuvala yunifolomu. Wa kabaza akamatsegula maso amakhala atamva kale hutala ya kasitomala panja. Malamulo aja analembedwa poganizira munthu wokhala ndi bedi lakelake, alamu yake, ndi theka la ola la m'mawa lomwe palibe akumufuna. Kwathu theka la ola lotero ndi chuma.

Nanga nkhawa yomwe amaiyeza m'labotale ndi yotani? Njira yotchuka kwambiri inachokera ku yunivesite ya Trier ku Germany, ndipo inasindikizidwa mu 1993 ndi Clemens Kirschbaum, Karl-Martin Pirke ndi Dirk Hellhammer. Amakulowetsa m'chipinda momwe mwakhala anthu ovala zoyera, osamwetulira, osagwedeza mutu, kamera ili pambali. Amakuuza kuti ulankhule mphindi 5 ngati uli pa intaviyu ya ntchito. Ukatha, amakuuza kuti uchotse 13 mu 1022, uchotsenso 13, upitirize choncho mokweza mawu, ndipo ukalakwitsa uyambirenso. Kwa anthu ambiri cortisol ya m'malovu imakwera ndithu, n'kufika pachimake patapita mphindi 20 kapena 30. Kenako amakufotokozera kuti zonsezo zinali sewero, umapita kwanu, thupi n'kuzizira.

Ndi nkhawa yeniyeni, koma ili ndi poyambira, pothera, ndiponso munthu wokutsegulira chitseko. Ya ku Misesa ilibe. Alandilodi akagogoda pa 5, sabwera kudzanena kuti linali sewero. Wa katapila sapereka mphindi zopumira. Ndipo kunena zoona, intaviyu yabodza ya mphindi 5 kwa anzanga ambiri a satifiketi ya MSCE ingakhale mwayi, poti yeniyeni sanaitanidweko.

Pali pepala lina la Kirschbaum yemweyo lomwe ndimafuna aliyense wofunsa umboni aliwerenge. Mu 1997 iye ndi anzake anatenga anyamata athanzi omwe anakhala maola angapo osadya. Ena anawamwetsa madzi a shuga, ena madzi okha, kenako n'kuwalowetsa m'mayeso aja a intaviyu ndi masamu. Omwe anamwa shuga, cortisol yawo inakwera. Omwe anamwa madzi okha, siinakwere mooneka. Mwamva? Thupi lanjala silinayankhe monga la wokhuta. Mpaka lero ofufuza ena amayamba amwetsa anthu chakumwa cha shuga mayeso asanayambe, kuti homoni ionekere bwino. Ndiye taganizirani mnyamata wa ku Misesa yemwe chakudya chake chomaliza chinali nsima ya dzulo masana. Malovu ake angathe kunena kuti ali phee, ndipo mnzanga wa gauni yoyera uja angalembe kuti palibe vuto. Njala yomwe ikumusowetsa tulo ndi yomweyo ingabise umboni wake.

Ngakhale kwa okhuta, nambala ndi mtima sizigwirizana kawirikawiri. Mu 2012 Jana Campbell ndi Ulrike Ehlert anasonkhanitsa kafukufuku 49 wogwiritsa ntchito mayeso a ku Trier, n'kufunsa funso losavuta: kodi omwe amati amva nkhawa kwambiri ndi omwe cortisol yawo yakwera kwambiri? Kugwirizana kumeneko kunapezeka pafupifupi mu kafukufuku mmodzi yekha mwa anayi aliwonse. Mwa atatu otsalawo, pakamwa pankanena china, malovu china. Pamenepa munthu ayenera kusankha womukhulupirira, ndipo chisankho chimenecho makina sangakupangireni.

Tsopano ndifike pomwe pamandipweteka. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ife a mbali ino ya phiri sitinaziwerenge pa intaneti. Tinamva phokoso, tinaona anthu akukumba ndi makasu, tinaona makalasi a sukulu atasanduka zogona. Freddy anatipeza tikadali ndi maliro a kolera, yomwe inapha anthu oposa 1,700 ndipo inachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe m'Januwale chaka chomwecho. Chakumapeto kwa chaka, mu Novembala, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya m'Meyi 2022. Mpaka pano ndikudziwa anyamata amene mvula ikayamba kugunda malata usiku amadzuka n'kuvala nsapato, n'kukhala tsonga mpaka ikate.

Mukayeza malovu awo lero mupeza chiyani? Ambiri angaganize kuti cortisol ikhala kumwamba. Koma Rachel Yehuda, wofufuza wa ku New York, anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti asilikali omwe anamenya nkhondo ku Vietnam ndiponso opulumuka ku chiwembu cha Holocaust, amene anali ndi matenda a mantha osatha otchedwa PTSD, anali ndi cortisol yotsika poyerekeza ndi anzawo. Mu 2005 anapezanso zofanana m'malovu a amayi omwe anali oyembekezera pomwe nyumba za World Trade Center zinagwa, ngakhalenso mwa makanda awo. Mu 2007 Gregory Miller, Edith Chen ndi Eric Zhou anaunika kafukufuku wambiri wa nkhawa yokhalitsa n'kupeza kuti homoniyi imakwera vuto likangoyamba, koma nthawi ikamapita imatsika, mwina mpaka kupitirira pomwe inali. Ofufuza ena apeza zosiyana ndi za Yehuda, ndipo mkangano ukadalipo. Zimenezi zikungolimbitsa mfundo yanga. Nambala yokwera ingatanthauze kuvutika. Yotsika ingatanthauze kuvutika kwa nthawi yaitali. Yapakati ingatanthauze mtendere, kapena njala, kapena kuti munthu anachedwa kutafuna thonje. Kodi mboni yotere mungaiimike m'khoti kuti iweruze ngati mwana wa ku Chilobwe akunama?

Palinso mawu aja omwe amakhala pamutu pa mapepala ambiri otere: achinyamata athanzi. Amamveka osalakwa. Koma werengani gawo lofotokoza omwe anachotsedwa. Nthawi zambiri amachotsa osuta, omwa mowa kwambiri, omwa mankhwala tsiku ndi tsiku, odwala matenda okhalitsa, ogwira ntchito usiku, oonda kapena onenepa kupyola malire, ndi aliyense yemwe anapezekapo ndi vuto la maganizo. Atsikana omwa mapiritsi olera nawonso amachotsedwa kawirikawiri, chifukwa mapiritsiwo amasintha kuchuluka kwa cortisol yofika m'malovu. Ofufuza ali ndi zifukwa zomveka: akufuna kuona chinthu chimodzi popanda zosokoneza. Koma yendani nane kuchokera pa siteji ya minibasi mpaka kwathu, tiziwerenga. Uyu ali pa ma ARV chibadwire. Uyu wachira malungo sabata yatha. Uyu ndi mlonda uja. Uyu amayamba tsiku ndi kachasu kuti manja asiye kunjenjemera. Uyu sikelo ikumukana. Tikamafika pakhomo, otsala pa mndandanda wa athanzi ndi ochepa, ndipo ndi omwe nkhawa yawapatsako mpata. Sefa yomwe imapangitsa kafukufuku kukhala woyera ndi yomweyo imataya anthu omwe tikukanganirana.

Ndipo athanzi omwe muyezo unachokera kwa iwo ndi ayani? Mu 2010 Joseph Henrich, Steven Heine ndi Ara Norenzayan anakumbutsa dziko kuti m'magazini akuluakulu a sayansi ya maganizo, anthu 96 mwa 100 aliwonse ofufuzidwa anali ochokera kumayiko olemera a azungu, komwe kumakhala anthu 12 okha mwa 100 a padziko lapansi. Ambiri mwa iwo anali ophunzira a m'mayunivesite. Mnzanga wa ku Trier kapena Michigan, wa zaka 21 ngati ine, wodya katatu, ndiye wakhala ndodo yoyezera munthu. Monga wophunzira mbiri, izi sizindidabwitsa. Si koyamba kuti thupi la munthu wakuda liyezedwe ndi ndodo yosemedwa kwina, n'kupezeka kuti ndi lolimba modabwitsa, losamva ululu, losafuna chithandizo.

Wina anena kuti zonsezi ndi za kutali, tiyese kuno ku Africa tione. Anayesa kale. Pakati pa 2011 ndi 2013, bungwe la GiveDirectly linapereka ndalama kudzera pa foni kwa mabanja osauka ku Rarieda, kumadzulo kwa Kenya, popanda kuwauza zochita nazo. Johannes Haushofer ndi Jeremy Shapiro anatsatira mabanjawo, anawafunsa mafunso, anatenganso malovu. Zotsatira zinatuluka mu 2016. Olandira ndalama ananena kuti akusangalala kuposa kale, nkhawa yachepa, kukhumudwa kwachepa, akudya bwino. Nanga cortisol? Pophatikiza onse pamodzi, siinasiyane ndi ya omwe sanalandire. Kusiyana kunaoneka poyerekeza magulu a olandirawo: inali yotsika pomwe ndalama zinapita kwa mayi osati bambo, pomwe zinabwera pakamodzi, ndi pomwe zinali zambiri. Tsono tayerekezani kuti nduna ina inkadikira malovu okha kuti isankhe ngati ndalamazo zikuthandiza. Ikanayang'ana nambala ya onse pamodzi n'kutseka pulogalamu, anthu akufuula kuti moyo wawo wasintha.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo chathu, chomwe sichinafune kachubu. Ku Zomba mu 2008 ndi 2009 atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi mabanja awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pa kafukufuku wotchuka uja. Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler anagwiritsa ntchito mafunso oyeza kuvutika m'maganizo, ndipo mu 2013 analemba kuti mwa atsikana a pasukulu omwe ankalandira, kuvutikako kunachepa kwambiri pa nthawi ya pulogalamu. Ndalama zitasiya, phindulo silinachedwe kuzimiririka. Atsikanawo anafunsidwa, anayankha, ndipo mayankho awo anayenda limodzi ndi ndalama, kubwera kwake ndi kupita kwake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikufuna mundiuze chomwe malovu akanaonjezera pamenepo choti n'kusintha zoyenera kuchita.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti kathonje kaja katayidwe. Dokotala akaganizira kuti munthu ali ndi matenda a Cushing, omwe thupi limapanga cortisol yochuluka mopyola, kuyeza malovu a pakati pa usiku ndi imodzi mwa njira zodalirika zoyambira. Wofufuza wofuna kudziwa mmene umphawi umalowera m'thupi n'kudzasanduka BP kapena shuga zaka 20 zikubwerazi ali ndi funso labwino, ndipo malovu a anthu mazanamazana otengedwa kangapo patsiku kwa masiku angapo angamuthandize. Mzinda uno uli ndi KUHeS, uli ndi Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi Gulupu, uli ndi anthu odziwa ntchito. Ndingakondwe kuona muyezo wochokera m'matupi a Amalawi, wolembedwa ndi Amalawi. Chomwe ndikukana ndi kusandutsa chida chofufuzira kukhala mlonda wa pachipata, woti wachinyamata asathandizidwe mpaka thupi lake litasainira zomwe pakamwa pake panena.

Chifukwa ndikudziwa mmene mawu oti "tikufunika kafukufuku wina" amagwirira ntchito m'dziko muno. Ndi mawu aulemu otanthauza kuti bwerani mawa. Amabala msonkhano kunyanja, msonkhano umabala lipoti, lipoti limabala msonkhano wina wolikhazikitsa. Pa kalembera wa 2018 tinali anthu 17.5 miliyoni, oposa theka osakwana zaka 18. Dziko la ana lotere linakhala zaka zoposa 70 likuyendetsa nkhani za matenda a maganizo ndi lamulo la atsamunda la 1948. Madokotala a matenda amenewa ndi owerengeka pa zala. Mwana wa ku Misesa akamva za chithandizo cha maganizo, chomwe chimamubwerera m'mutu ndi Zomba Mental, ndipo dzina limenelo kwathu limatchulidwa potukwanizana. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, nkhani imakhala yomweyomweyo: ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowa. Pa zonsezi, chomwe chikusowa si nambala ya homoni.

Ndiyenera kunenanso za chikhulupiriro pakati pa wofufuza ndi wofufuzidwa, poti anzanga ena amaganiza kuti malovu, pokhala si magazi, anthu adzangopereka. Aiwala 2017. M'Seputembala chaka chimenecho mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje, zinafalikira ku Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu, ndipo mu Okutobala zinafika mu Blantyre muno. Anthu anaphedwa popanda mlandu, ndipo United Nations inachotsa antchito ake m'maboma ena. Sindikuikira kumbuyo kupha kumeneko, kunali kuipa kopanda dzina lina. Koma mphekesera yotere imamera m'nthaka ina yake: pomwe anthu aona alendo a galimoto zazikulu akubwera kudzatenga za m'thupi, n'kupita, osabweranso kudzanena chomwe anapeza. M'dera lomwe mayi amakuuza kuti usasiye tsitsi kapena zikhadabo zako paliponse, malovu m'kachubu kolembedwa nambala si chinthu chopepuka. Fomu yachilolezo imathandiza, makomiti oona za ufulu wa ofufuzidwa ngati COMREC amathandiza. Koma chomwe chimatseka pakamwa pa mphekesera ndi kubwerera kudera, kukhala pansi ndi anthu pabwalo la sukulu, n'kuwauza m'Chichewa kuti tinapeza izi, ndipo zisintha izi.

Chinanso chomwe chimandikwiyitsa n'chakuti chilankhulo chathu chili kale ndi zida zoyezera, ndipo timazinyoza. Timati munthu akuganiza kwambiri. Timati mtima wake uli m'mwamba, mutu wake sukugwira, wasweka mtima, akuonda ndi maganizo, tulo tamuthawa. Mawu aliwonse mwa amenewa akuloza kanthu kena, ndipo mayi wa pamsika amadziwa kusiyanitsa mwana woganiza kwambiri ndi mwana wongotopa. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anawatenga mozama mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ndi kuganiza kwambiri komweku. Kuyambira cha m'ma 2006 ku Mbare, mu Harare, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza pogwira. Pulogalamuyi imatchedwa Friendship Bench. Mu 2016 magazini ya JAMA inasindikiza zotsatira zosonyeza kuti omwe anakhala pa benchi maulendo 6 anapeza bwino kuposa omwe analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Anayeza ndi mafunso 14 opangidwa kuchokera ku mawu omwe anthu a kumeneko amafotokozera mavuto awo. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Benchi, agogo ophunzitsidwa, ndi woyang'anira wowathandiza zikavuta. Ku Misesa mabenchi alipo, agogo aliponso, ena mwa iwo ndi omwe aja ofunsa kuti nkhawa yathu ndi yachiyani, ndipo ndikukhulupirira kuti atapatsidwa maphunziro angafunse funsolo ndi mawu ena.

Ofuna nambala, nambala ilipo. Bungwe la WHO lili ndi mafunso 20 otchedwa SRQ-20, oyankha kuti inde kapena ayi, okhudza mutu, tulo, chilakolako cha chakudya, kulira, kulephera kuganiza bwino, mpaka maganizo ofuna kudzichotsera moyo. Robert Stewart ndi anzake anasindikiza mu 2009 kafukufuku wotsimikizira kuti mafunsowa m'Chichewa amagwira ntchito, poyesa pakati pa amayi a ana aang'ono. Amafuna pepala, cholembera, ndi mphindi zochepa za munthu wokhala pansi. Sanalembedwe ndi angelo, munthu angathe kubisa kapena kukokomeza. Koma ali ndi chinthu chimodzi chomwe kachubu kalibe: mnyamata akayankha inde pa funso lokhudza moyo wake lija, wofunsayo ali pomwepo, akumuyang'ana, ndipo angathe kumugwira dzanja tsiku lomwelo. Zotsatira za malovu zimatuluka patapita masabata kapena miyezi, zitasakanizidwa ndi za anthu ena, dzina litachotsedwa.

Ndikudziwa chomwe anzanga a zachuma anene: opereka ndalama amakonda zinthu zoyezeka ndi makina, ndipo graph ya cortisol imatsegula zikwama zomwe misozi siitsegula. Mwina n'zoona. Koma onani malonda omwe tikuchita pamenepo. Tikuvomera kuti mawu a Mmalawi wosauka ndi otsika mtengo kuposa madzi a m'kamwa mwake, ndipo tikubetcha tsogolo la chithandizo pa nambala yomwe, monga taonera ku Rarieda, ingathe kusasuntha. Tsiku lomwe graph idzatuluke yosalala, omwewo adzatiuza kuti sayansi yalankhula, achinyamata a ku Blantyre ndi opirira. Mawu oti opirira ndawamva mokwanira chichokereni Freddy. Amanenedwa ndi anthu akukwera galimoto kubwerera.

Choncho wofufuza akadzafika ku Misesa ndi bokosi la timachubu, ine ndidzakhala m'gulu la oyamba kulembetsa, ngati sefa ija idzandilole. Ndidzadzuka nthawi yomwe adzanene, sindidzamwa tiyi, ndidzatafuna thonje. Koma ndisanasaine fomu ndidzawafunsa kuti, "Achimwene, nambala yanga ikadzatuluka yabwinobwino, ine n'kukuuzani kuti papita miyezi itatu ndisakugona, mudzanditumiza kwa ndani?" Ndipo ndidzadikira dzina la munthu, chipinda chake, ndi tsiku lomwe amapezeka.